Mwaiwathu Sanalowe M'chiwerengero

Mwaiwathu, mwana wa Dyness, anachoka kuno ku Kanakantapa mu Januwale 2023 ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kufikira lero palibe wa ife amene wamuonanso. Ndayamba ndi dzina lake dala, chifukwa anthu ophunzira amene ndiwatchule kutsogoloku amayamba ndi manambala, ndipo pofika pa mwana weniweni nthawi ya msonkhano imakhala itatha.

Ine ndine Ednah. Ndimalima repu ndi tomato, ndipo tsiku la sikelo ndimathandiza kuyeza ana ku kiliniki mongodzipereka. Pakamwa panga anthu amapadziwa, sindibisa mawu. Dyness ndi mnansi wanga, dimba lake ndi langa zinangolekana ndi mzere wa nthochi. Makolo ake ndi anga anabwera kuno chaka chimodzi kuchokera ku Katete kudzafuna minda, choncho tinakulira limodzi, ndipo ana ake onse ndinawanyamula mchombo usanagwe.

Amene anatenga Mwaiwathu sanabwere pa galimoto ya magalasi akuda ngati mmene amajambulira pa mapepala omata ku kiliniki. Anabwera pa minibasi, atanyamula shuga ndi buledi. Anali Eneless, mlongo wake wa Alick, mwamuna wa Dyness. Anati ali ndi khanda ku Lusaka, akufuna womuthandiza kulera, ndipo mwanayo akamulowetsa sukulu ya m'tauni. Kwathu atate aakazi akapempha mwana sukana. Ukakana, ndiye kuti wanena kuti kwawo kwa mwamuna wako n'kwa afiti. Komabe Dyness mtima unkamukayikitsa. Anabwera kudzandifunsa, ndipo ine mwini nzeru ndinamuuza kuti asatsekereze mwayi wa mwana. Ndinamubwereka ngakhale chikwama changa chabuluu choti alongedzeremo.

Dyness anapita ku Chongwe kukasoketsa yunifomu ya mtundu umene Eneless ananena, yobiriwira ya kolala yoyera. Anauza telala kuti apinde mpendero waukulu m'munsi, woti azidzaumasula chaka ndi chaka, chifukwa mwanayo ankakula ngati chimanga cha pachulu.

Miyezi itatu yoyamba Mwaiwathu ankaimba Lamlungu lililonse pa foni ya Eneless. Akafunsidwa za sukulu ankati malo sanapezeke, ayamba teremu yamawa. Kenako kuimbako kunasiya. Eneless anati mwana wapita ndi mnzake wa kutchalitchi, mayi wa bizinesi ya kumalire, kukathandiza masabata awiri okha. Masabata awiriwo anabala miyezi. Lero ankati ali ku Chirundu, mawa ku Nakonde, ndipo dzina la mayi wa bizinesiyo linkasinthasintha. Alick anakwera minibasi kamodzi kukafunsa. Mlongo wakeyo analira kwambiri, nati kodi akumuyesa wogulitsa ana, iye amene anamulera Alick amayi awo atamwalira? Alick anabwerako atazolika. Anati mwana ali bwino, nkhaniyi isamvekenso panja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chaka chinatha, china chinatsatira.

Mu Meyi 2025, titangokolola, bungwe lina linabwera kudzafuna anthu oyenda khomo ndi khomo kufunsa za ana ozembetsedwa. Ine anandilemba. Anatiphunzitsa masiku atatu, natipatsa matabuleti, ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza ngati pemphero: funso liwerengedwe monga linalembedwera, osawonjezera, osathandiza woyankha. Funso lalikulu linali la nambala 17. Linkafunsa ngati pakhomopo pali mwana amene anatengedwa ndi munthu wachilendo, mokakamiza kapena momunyenga, m'zaka zitatu zapitazi.

Nyumba ya Dyness inagwera ine. Ndinakhala pakhonde pake, pamene ndakhalapo kambirimbiri tikuswa mtedza, n'kumuwerengera funsolo ngati sindikumudziwa.

"Ba Eneless si alendo," anatero Dyness. "Ni atate ake aakazi."

Ndinafunsa za kukakamiza.

"Anamukakamiza ndani? Chola ninapakila neka. Si chola chanu chija?"

Ankanena chikwama changa chabuluu chija. Ndinadina Ayi. Tabuleti ija, poti ilibe chisoni, inalumpha mafunso onse otsatira, a dzina la mwana, a amene anamutenga, a kumene anapita, n'kutifikitsa pa funso lakuti madzi akumwa amatunga kuti. Dyness anati pachitsime. Ndinalemba pachitsime, ndinathokoza, ndinapita khomo lina.

Ndinayenda nyumba makumi asanu ndi atatu. Mwa nyumba zimenezo ndinkadziwa ana asanu ndi mmodzi amene ali kwa achibale m'tauni. Ena alidi bwino, amabwera pa holide atanenepa ndiponso akulankhula Chingerezi chopsetsa mtima. Ena sindidziwa. Ndipo kunena zoona, ngakhale akanandilola kuyankha ndekha, sindikanatha kunena kuti uyu akuleredwa, uyu akugwiritsidwa ntchito, chifukwa onse anachoka mofanana, atasamba, atadzola, amayi awo akuwaperekeza pa siteshoni. Onse ndinawadinira Ayi.

Mu Ogasiti anatiitana ku loji ina ku Silverest kukamva zotsatira. Tinafika titayera ndi fumbi la msewu wathu, n'kulowa m'chipinda chozizira ngati m'firiji. Akuluakulu anakhala kutsogolo, pa matebulo a nsalu zoyera ndi mabotolo a madzi. Ife oyenda m'makomo anatiika kumbuyo pafupi ndi khomo, malo abwino kwa munthu wofuna kuona zonse.

Woyamba kulankhula anali Mayi Chileshe, katswiri wa ziwerengero, mayi woonda wa magalasi amene kumwetulira anakusiya kunyumba. Anati kafukufuku wathu wapeza ziro ku Kanakantapa, ziro ku Nkomeshya, ziro pafupifupi kulikonse. Anati milandu yotsimikizika, ya mafailo ndi maina, ilipo khumi ndi inayi m'boma lonse m'zaka zitatu. Atakhala pansi anaimirira Bambo Matthias, mkulu wa bungwe lomenyera ufulu wa ana, munthu wa mawu a mlaliki. Iye anati ana ozembetsedwa m'boma lino ndi zikwi zitatu.

Mayi Chileshe anafunsa kumene zikwi zitatuzo zachokera. Bambo Matthias anati m'dziko lina anachita kafukufuku wamkulu, ndipo iye anatenga muyezo wa kumeneko n'kuchulukitsa ndi ana a kuno. Mayi Chileshe anavula magalasi. Anati mawa nyuzipepala idzalemba zikwi zitatu, bungwe lina lidzatenga nambalayo m'nyuzipepala, ndipo chaka chamawa Bambo Matthias adzaitenga ku bungwe lija ngati umboni, nambala idzakhala ndi mboni zitatu koma zonse zili munthu mmodzi. Anati tsiku limene nambala yofufumitsayo idzagwidwe bodza, anthu adzaleka kukhulupirira ngakhale za ana khumi ndi anayi enieniwo.

Bambo Matthias sanagonje. Anati khumi ndi anayiwo ndi amene apolisi anangowapunthwa pa rodibuloko, ndipo munthu sawerenga mbewa za m'munda poyang'ana zimene zagwa pa diwa. Anati lipoti likatuluka ndi nambala yaing'ono, othandiza adzati vuto kulibe, adzachotsa galimoto ndi antchito n'kupita nazo kwina. Anati iye alolera kuchulukitsa n'kupulumutsa ana kusiyana n'kulondola n'kuwataya.

Chimene chinkandipweteka n'chakuti onse awiri ankanena zoona. Anaponyerana mawu mpaka nthawi ya tiyi, atamwa tiyi anayambiranso. Anakangana ngati mtsikana wotsuka mbale kwa azakhali ake osapita kusukulu awerengedwe kapena ayi. Anakangana ngati mwana ayenera kuwoloka malire kuti akhale wozembetsedwa. Pa khoma panali zithunzi za mizere yokwera ndi yotsika, ndipo pa mzere wa Kanakantapa panali ziro wamkulu amene ndinamudina ine ndi chala changachi. Manyazi anandigwira, kenako mkwiyo, ndipo mkwiyo ukandigwira miyendo imaimirira yokha.

"Ine sinidziwa ngati ni folotini olo ni masauzande atatu," ndinatero. "Nidziwa umodzi chabe. Dzina lake ni Mwaiwathu, ndipo nine ninamudinila Ayi."

Ndinawafotokozera zonse, za Eneless, za foni, za mayi wa bizinesi wa maina ambiri. Kenako Bambo Matthias anawomba m'manja, nati umenewu ndiye umboni, mwanayu ndi mmodzi mwa zikwi zitatu zija, ndipo anafunsa ngati ndingapeze chithunzi chake choti aike pa pepala lomata. Mayi Chileshe anangofunsa ngati makolo anakanena kupolisi. Ndinati ayi. Anati ndiye sangathe kumuwerenga. Ndinamuda mayi ameneyo nthawi yomweyo, ndinamuda ndi magalasi ake omwe.

Koma potuluka, amene ananditsatira panja anali iyeyo. Anandipeza pamthunzi ndikudikira minibasi, nandipatsa fomu ya pepala limodzi. Anati pulojekiti ikutsekedwa Lachisanu la sabata yotsatira. Kholo limodzi likasaina fomuyo tsikulo lisanadutse, n'kulemba dzina la amene anatenga mwana, Mwaiwathu akhala failo ya khumi ndi chisanu. Pali wantchito wofufuza ana amene ali ndi galimoto, angathe kupita kwa Eneless ndi apolisi, angathenso kufika kumalire, ndipo failo yotsegulidwa imapitirira ngakhale pulojekiti itatha. Koma Lachisanu likadutsa, galimoto ibwezedwa, wantchitoyo ntchito yake itha, ndipo sipakhalanso wolandira failo yatsopano.

"Ba mayo, sinikulonjezani kuti azapezeka," anatero. "Koma popanda iyi pepala kulibe azamusakila."

Ndinafunsa ngati ndingasaine ine. Anati ayi, kholo lokha.

Ndinayamba ndi Alick, poganiza kuti mwamuna akasaina mkazi apepukidwa. Ndinamupeza kudimba akukonza paipi yothirira. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandiyang'ana, manja ali m'matope. Kenako anati dzina la mlongo wake sangalilembe pa pepala la apolisi. Anati munthu amene wamangitsa mlongo wake akamwalira amaikidwa ndi ndani? Ndinamuyankha zimene sindingazibwereze pano. Iye anangopitiriza kumanga paipi yake ndi mphira.

Kwa Dyness ndinazengereza masiku atatu, ine amene sindizengereza. Ndinapita Lachinayi masana, dzuwa lili paliwombo. Ndinamupeza akupeta chimanga pakhonde. Ndinamuuza za msonkhano, za galimoto, za Lachisanu, n'kumuwerengera fomuyo. Pamwamba pake panalembedwa kuti Mwana Wosowa. Anandiuza kuti ndibwereze mawu amenewo. Nditabwereza anaika lichero pansi, nati mwana wamoyo satchedwa wosowa, kumeneko n'kumuitanira tsoka. Anati ana osowa ndi a anthu ena, wake ali kwa atate ake aakazi.

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti papita zaka zoposa ziwiri osamva mawu a mwana. Ndinati Eneless ndi wabodza ndipo mudzi wonse ukudziwa. Ndinati mayi wanji amene amakhala n'kumapeta chimanga galimoto yokasaka mwana wake itaima pa Chongwe pomwepa. Ndipo poti lilime likayamba kuthamanga silimva mwini wake, ndinanena mawu amene panalibe anali atawanenapo pakhomo limenelo: ndinati mwana wake anagulitsidwa, atsegule maso.

Dyness sanalire. Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti wandithamangitsa, ndipo ndinayamba kupinda fomu yanga. Koma anatulukanso atanyamula chikwama chabuluu, changa chija. Anati Eneless anabwera nacho chaka chatha pa maliro a ku Nkomeshya, n'kumupatsa kuseri kwa nyumba, akuti iye anagulira Mwaiwathu chikwama chatsopano ndipo yunifomu inamuchepa. Dyness anatsegula zipi n'kutulutsa yunifomuyo, naiyala pa miyendo yanga.

Kolala inali yoyera ngati yangochoka kwa telala. Pakhosi panalibe thukuta, nsalu inali isanaone madzi. M'kati mwa msoko munali mizere ya choko imene telala analemba podula. Diresi limenelo silinavalidwepo ngakhale tsiku limodzi.

"Muganiza sinidziwa, ba Ednah?" anatero Dyness. "Choko ya telala ikalipo. Ninaiona tsiku lamene lija, pa maliro."

Ndinamufunsa chifukwa chake nanga sakusaina. Mawu anga anali atachepa tsopano.

"Nikasaina, ba Eneless azagwidwa, olo azathawa. Foni yao izazima. Ni okha amene adziwa mayi uja. Manje akali kuninamiza, koma akali kuyankha foni yanga. Mwezi watha anati ali ku Nakonde, wanenepa." Anasalaza kolala ija ndi dzanja. "Ndipo papepala yanu palembedwe kuti anamupeleka ni ndani? Nine. Na imwe."

Ndinafuna kumuuza kuti Eneless mwina sadziwanso kalikonse, kuti mwina akungotchula matauni amene amawamva pa siteshoni ya mabasi. Koma ndinaona pankhope pake kuti zimenezonso akuzidziwa. Ndinagwetsa maso pa diresi lija, ndipo m'pamene ndinaona m'munsi mwake. Mpendero unali utamasulidwa kawiri. Panali mizere iwiri ya timabowo ta singano pamene ulusi wakale unadutsa, ndipo pansi pake panali msoko watsopano wa dzanja, wosokedwa bwino ndi ulusi wobiriwira. Dyness anaona kuti ndaona. Anati mwana akutalika kumene aliko, akadzabwera asadzapeze diresi lalifupi, aphunzitsi a m'tauni amabweza ana pa zimenezo.

Fomu ndinaisiya pakhonde, nditaitsamiritsa mwala kuti mphepo isaitenge, cholembera chili pambali. Lachisanu m'mawa ndinapeza chikwama changa chabuluu pakhomo panga. M'kati munali fomu, yopindidwa bwino, yosasainidwa, ndi cholembera changa. Yunifomu munalibe. Mayi Chileshe anandiimbira dzuwa litapendeka kufunsa ngati ndikubwera. Ndinati ayi. Anathokoza n'kudula.

Lipoti linatuluka mu Novembala ndi ana khumi ndi anayi. Ndinamva kuti pansi pa tsamba lina anaika mawu aang'ono akuti chiwerengero chenicheni chingakhale choposa pamenepo. Bambo Matthias anandiimbira kawiri, kawiri konse za chithunzi. Nditamukaniza anapeza china. Pepala lake analimata ku kiliniki kwathu, lolembedwa zikwi zitatu ndi zilembo zofiira, ndipo pali mwana wa kwina amene akukokedwera m'galimoto ya magalasi akuda. Tsiku la sikelo ndimayeza ana pansi pa pepala limenelo. Amayi amaliyang'ana n'kumati zoterezi ndi za ku Lusaka. Mmodzi wa iwo anandiuza mwezi watha kuti mlamu wake wapempha mtsikana wawo wa giredi 5. Ndinamuuza kuti akane. Anaseka, nati ba Ednah, mufuna anithamangitse pa ukwati?

Ine ndi Dyness timapatsanabe moni pa mzere wa nthochi. Za fomu sitinakambirane. Ndimamumvera chisoni, ndimamukwiyira, ndipo ndikamukwiyira ndimakumbukira amene anamuuza kuti asatsekereze mwayi wa mwana.

Januwale wa chaka chino, sabata yotsegulira sukulu, Dyness anadutsa nthochi zija n'kubwera kwanga. Anakhala pakhonde, tinakamba za mvula ndi za mbozi zimene zalowa m'chimanga. Atatsala pang'ono kunyamuka anafunsa ngati ndili ndi kansalu kobiriwira. Anati mpendero wa yunifomu ija watha, palibenso chomasula, ndipo Mwaiwathu wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ayenera kuti watalika kuposa iye. Ankafuna kulumikiza m'munsi.

Ndinalowa m'nyumba, ndinafufuza m'sutikesi, ndinapeza chitenje chakale chobiriwira. Mtundu wake sunafanane kwenikweni. Dyness anachiyang'ana padzuwa, nati chikwana, mwana sadzazindikira.

Ndinamugwirira nsaluyo kuti adule mowongoka.